Mutu 5: Siketi Yomanga ndi Pini

1. Mandasi atatu

Ku Kawale konse kunalibe mwana wodyetsedwa ngati Tiwale. M'mawa uliwonse Mayi Eness ankamuikira mandasi atatu pambale, tiyi wamkaka wa masipuni anayi a shuga, ndi mandasi ena awiri m'chikwama oti akadye pa buleki. Mandasiwo ankakazinga okha n'kumakagulitsa pa siteji ya minibasi, koma aakuluakulu onse sankafika pa siteji. Ankathera m'mimba mwa Tiwale.

Mayi Eness sanali mayi ake omubereka. Amayi ake a Tiwale anamwalira iye ali Sitandade 4, ndipo patapita zaka ziwiri abambo ake, a Leston, oyendetsa thiraki yopita ku Beira, anakwatira Mayi Eness. Achibale a malemu a ku Dedza anafuna kumutenga mwanayo, pajatu mwana ndi wa kuchikazi. A Leston anachonderera kuti atsale m'tauni chifukwa cha sukulu. Amalume ake anavomera, koma anasiya mawu: tsiku lomwe adzamve kuti mwana akuzunzika, adzamutenga osafunsanso munthu.

Mawu amenewo anawakhala Mayi Eness pamtima. Iwo analibe mwana wawowawo, ndipo Tiwale anamukonda zenizeni. Vuto ndi lakuti chikondi sichioneka ndi maso, ndiye iwo anaganiza zochionetsa pa masaya a mwana. Tiwale akanenepa, iwo ankayenda mwamatama pamsewu. Mwanayo atalowa Fomu 1, iwo anachita kulembera aphunzitsi kalata yoti asamachite nawo masewera, kuopa angagwe n'kusupuka, anthu n'kumati wamenyedwa kunyumba.

Choncho Lachitatu lililonse masana, anzake akamathamanga pagalaundi, Tiwale ankakhala pansi pa mtengo wa bulugama kulondera zikwama. M'kalasi ankayamba kusinza ikangokwana teni koloko. Mutu unkamupweteka pafupipafupi, ndipo kachitunda ka kuseri kwa sukulu ankafika pamwamba pake ali wefuwefu ngati nkhalamba.

Zinthu zinasintha atabwera Mayi Sungeni, mphunzitsi watsopano wa Bayoloje. Lachitatu lawo loyamba anapeza atsikana asanu ndi awiri atakhala pansi pa bulugama uja, aliyense ndi chifukwa chake.

"Zikwama sizithawa," anatero Mayi Sungeni. "Ine sindikufuna kuti nonse mukhale akatswiri ayi. Ndikungofuna mtima ugunde, thukuta lituluke. Thupi la mwana wa msinkhu wanu silinapangidwe kuti lizikhala padesiki tsiku lonse, likaweruka n'kukakhalanso pafoni. Magazi akamayenda bwino, mutu nawonso umagwira, tulo timabwera pa nthawi yake. Dzukani, tiyambe ndi kudumpha chingwe."

Za kalata ija Mayi Sungeni sankazidziwa, ndipo Tiwale sanaitchule. Tsiku limenelo anadumpha kasanu n'kukhala pansi. Sabata yotsatira anadumpha kokwana makumi awiri. Pomwe ankalowa Fomu 2 n'kuti akuzungulira galaundi kanayi osaima. Kusinza kunatha, mutu unasiya, masamu amene ankamuzunguza anayamba kumveka.

Kunyumba sananene kanthu. Chomwe chinamuulula ndi siketi ya yunifolomu, imene inayamba kutsika yokha mpaka iye anaimanga ndi pini m'chiuno.

2. Chenjezo la Mayi Eness

Lachiwiri lina m'mwezi wa Okutobala, Tiwale pobwera kusukulu anapeza Mayi Eness atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, ufa wa mandasi a mawa osakanda.

"Kwagwanji, Anti?" anafunsa Tiwale.

"Takhala pansi. Amayi ako aakulu, a Nachisale, akubwera mawa. Mayi wina wa kumudzi kwanu, amene amagulitsa tomato ku Biwi, wakuona panjira. Waimba foni ku Dedza kuti mwana wa malemu watha, watsala mafupa okhaokha, siketi akuchita kumanga ndi pini. Ine ndimaona kuti ukuchepa, koma ndimati mwina ndi kutalika. Tandionetsa."

Tiwale anakweza bulauzi pang'ono. Pini inali pomwepo, yosabisika. Apa sakanachitiranso mwina, anaulula zonse: za chingwe, za galaundi, za mandasi a m'chikwama amene ankagawana ndi anzake. Mayi Eness anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anausa moyo.

"Mwana wanga, tamvera bwino. Iwe ukuona ngati ndi masewera, koma anthu sakuona masewera. Mwana wobereka wekha akachepa thupi amati akukula. Mwana womupeza akachepa thupi amati akumanidwa. Ine zaka zonsezi m'nyumba muno ndakhala ndikuyenda monyang'ama. Sindinakukalipirepo pagulu. Ndiwo yabwino ndimayamba kuika m'mbale mwako. Lero zonsezo zafufutika ndi pini imodzi. Abambo ako ali ku Beira, abwera sabata yamawa, wondiyankhulira palibe. Akakutenga, sukulu yako ya kuno yathera pomwepo, anzako wawasiya, nanga ine m'nyumba muno nditsala ndi ndani? Mawa ukangoweruka thwelofu koloko ubwere kuno. Kugalaundi usapondeko. Zothamangazi uzisiye kaye, thupi libwerere."

"Koma Anti, mawa ndi tsiku losankha okaimira sukulu ku mpikisano wa sukulu zonse za m'zoni yathu Loweruka. Madamu andilemba kale pa mamita 1,500."

"Akufufute."

Tiwale anamva kuwawa kwambiri. Komabe anapita kukatenga beseni kuti awathandize Mayi Eness kukanda ufa.

3. Juzi m'mwezi wa dzuwa

Lachitatu Tiwale anamvera. Pa buleki anakauza Mayi Sungeni kuti sathamanga chifukwa kunyumba kukubwera alendo.

"Wezulo ilira hafu pasiti fili," anatero mphunzitsiyo. "Dzina lako ndilisiya pomwepo mpaka nthawi imeneyo."

Tiwale atafika kunyumba anapeza Mayi Eness atakonza kale nzeru zawo. Mantha amapangitsa munthu wanzeru kuchita zachibwana, ndipo tsiku limenelo anawapangitsadi. Anamuveka Tiwale mapitikoti awiri m'kati mwa siketi ya pini ija, masikipa awiri m'kati mwa bulauzi, pamwamba pake juzi yaubweya. Masaya anamudzoza mafuta ambiri kuti aziwala. Kunja dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo, malata akuchita kulira.

A Nachisale anafika cha m'ma thu koloko. Kuchokera kudepoti anakana kabaza, anayenda wapansi thumba la mbatatesi lili pamutu. Anali mayi wamtali, wochepa thupi, wa mikono yolimba ngati mipini ya makasu. Kuyambira kale a Nachisale sankawatchula dzina Mayi Eness, ankangoti "mayi inu".

Atapatsana moni ndi kufunsana za kumudzi, a Nachisale anakana tiyi n'kuitana mwana.

"Tasendera kuno, Tiwale. Ukudwala malungo?"

"Ayi, Amayi aakulu."

"Nanga juzi dzuwa lonseli?"

Thukuta linali likuyenderera pankhope ya Tiwale, kusakanikirana ndi mafuta aja. A Nachisale anamugwira mkono, n'kumva nsalu pamwamba pa nsalu inzake.

"Vula."

Tiwale anavula juzi. Anapita kuchipinda n'kubwerako ndi masikipa awiri ndi mapitikoti awiri m'manja. Zonse anaziunjika pamphasa, iye n'kutsala ndi yunifolomu yake, pini ikuonekera m'chiuno.

"Mayi inu," anayamba a Nachisale ndi mawu otsika, "ine ndinanyamuka kumudzi ndikuti mwina anthu angokunamizirani, pajatu pakamwa pa anthu sipatsekeka. Ndinati ndikaone ndi maso anga. Koma munthu wosalakwa sabisa mwana m'nsanza. Mng'ono wanga ali gone m'chipatala anandigwira dzanja ili n'kunena kuti, achemwali, mwana wanga asadzagone ndi njala ine kulibe. Ine ndinalonjeza. Kumudzi tilibe magetsi, tilibe mandasi, koma mwana wa m'bale wanga sangamange siketi ndi pini ine ndili moyo. Tiwale, kalongeze zovala zako. Tinyamuka mawa m'mawa."

Misozi inatsika m'masaya mwa Mayi Eness.

4. Tiwale ayankhula

Tiwale sanapite kuchipinda. Anagwada pamaso pa a Nachisale.

"Amayi aakulu, ndiloleni ndiyankhule. Wolakwa ndine. Anti sanandimanepo chakudya ndi tsiku limodzi lomwe, ndipo masiku ano ndimadya kuposa kale. Ndinayamba kuthamanga kusukulu osawauza. Ndikanawauza kale, zonsezi sizikanachitika."

"Kuthamanga? Uthawa chiyani?"

"Ndi masewera a kusukulu. Chiyambire, mutu unasiya kundipweteka, m'kalasi sindisinzanso."

A Nachisale anayang'ana Mayi Eness ndi diso lokayika. "Wakuphunzitsa kunena zimenezi ndani?"

"Palibe. Amayi aakulu, mwana wogona ndi njala angazungulire galaundi ya mpira kanayi osaima?"

"Sangathe."

"Ndiye tiyeni mukaone nokha. Lero kusukulu kuli mpikisano. Ndikalephera kumaliza, ndibwera kudzalongeza osanenanso kanthu."

Kenako anatembenukira kwa Mayi Eness. Sanafune kuwachitanso zamseri.

"Anti, dzulo munandiletsa. Ndikupempha mundilole."

Mayi Eness anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana mulu wa zovala pamphasa paja, manyazi n'kuwagwira.

"Pita," anatero. "Nafenso tikubwera."

Nthawi inali itadutsa kale fili koloko.

5. Pagalaundi

Galaundi inali fumbi lokhalokha ndi phokoso. Uku atsikana akudumpha chingwe, uko akuponyerana mpira wa manja, anyamata akuthamangitsana ndi mpira wa miyendo. Pansi pa bulugama panatsala zikwama zokha, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinathawa.

Mayi Sungeni analonjera alendowo mwaulemu n'kuwapezera benchi pamthunzi. Atsikana asanu ndi anayi anandanda pamzere. Atatu oyamba kumaliza ndiwo akapite ku zoni. Tiwale anavula nsapato za kusukulu n'kuima pakati pawo.

Wezulo italira, Vera wa Fomu 4 anatsogola monga mwa masiku onse. Tiwale anayamba modekha, ali wachisanu. Pozungulira kachiwiri anadutsa awiri. A Nachisale anali atapinda manja pachifuwa, osaphethira. Mayi Eness anali asanamuonepo mwanayo akuthamanga, ndipo anaiwala kutseka pakamwa.

Pozungulira kachitatu pini ija inamasuka. Siketi inayamba kutsetsereka, Tiwale n'kuigwira ndi dzanja limodzi. Liwiro linachepa. Mtsikana mmodzi anamudutsa, wina n'kumudutsanso. Anyamata ena anayamba kuseka.

Mayi Eness anadzambatuka pabenchi. Panali patatha zaka makumi awiri asanathamangeko, ndipo thupi lawo silinali laling'ono, koma anadula pakati pa galaundi, kulowerera anyamata a mpira, silipasi imodzi n'kutsala m'mbuyo. Ali m'kati mothamanga anavula duku kumutu, tsitsi losapesa n'kuonekera pamaso pa sukulu yonse. Mayi amene sankatuluka ndi pakhonde pomwe wopanda duku, tsiku limenelo analibe nazo ntchito.

Anakumana naye Tiwale pakona ya kumtunda. Anagwada m'fumbi, n'kumuzunguliza duku lija m'chiuno pamwamba pa siketi, n'kumanga mfundo yolimba.

"Thamanga, mwana wanga. Usayang'ane m'mbuyo."

Tiwale ananyamuka ali wachisanu ndi chimodzi. Kuseka kuja kunasanduka kuchemerera. Anadutsa mmodzi, anadutsa wina, pokhota komaliza anadutsanso awiri motsatizana. Mayi Eness anali kumutsatira m'mbali mwa mzere, phazi limodzi lopanda silipasi, akuitana dzina lake mpaka mawu kusasa.

Vera anamaliza woyamba. Tiwale anamaliza wachiwiri, n'kupitirira kuyenda manja ali m'chiuno, akupuma mwamphamvu koma ali chilili. Amene anakhala pansi ndi Mayi Eness, miyendo atatambasula m'fumbi, akupuma ngati atha. Tiwale anathamangiranso kumpopi kukawatungira madzi.

Mayi Sungeni anawayandikira akumwetulira. "Amayi, liwiro muli nalo, chikusowa ndi kuzolowera. Lachitatu lililonse geti imakhala yotsegula. Muzibwera tizizungulira limodzi, ngakhale kungoyenda."

"Aphunzitsi, ndisiyeni kaye mtima ubwerere m'malo mwake," anayankha Mayi Eness, onse n'kuseka.

6. Dzina

A Nachisale anadzuka pabenchi pang'onopang'ono. Podutsa pakati pa galaundi anawerama n'kutola silipasi ija. Atafika, anayamba ndi Tiwale. Anamufinya mkono, anamufinya katumba, monga momwe munthu amayesera mbatata ngati yakhwima.

"Mnofu uwu ndi wa munthu wodya," anatero. "Kwathu thupi limalimba lokha ndi khasu, ndi mtunda wa kuchigayo, ndi ndowa ya pamutu. Sindimadziwa kuti ana a m'tauni thukuta amachita kulifunafuna chonchi. Koma iwe Tiwale, undimvetse. Chinthu chabwino ukachichita mobisa, chimavulaza anthu osalakwa. Taona lero, mayi uyu anatsala pang'ono kusenza mlandu wa iwe. Usadzabwerezenso."

"Ndamva, Amayi aakulu."

Kenako anatembenukira kwa Mayi Eness, amene anali akadali pansi, fumbi lili m'maondo, tsitsi lili nyankhalala. Anawayang'ana nthawi yaitali, n'kuwapatsira silipasi ndi manja awiri.

"Amake Tiwale, nayi nsapato yanu."

Mayi Eness anacheukira m'mbuyo, kuyesa kuti akuitanidwa ndi wina. Dzina limenelo linali la malemu, ndipo chichitikire maliro panalibe amene analitchulanso. Atazindikira kuti kumbuyo kulibe munthu, analandira silipasi ija n'kuigwira pachifuwa. Analira ngati mwana, ndipo Tiwale anakhala pansi pambali pawo n'kuwakoleka dzanja m'khosi.

Pobwerera kunyumba anayenda atatu, dzuwa litapendeka. Duku lija linali likadali m'chiuno mwa Tiwale.

"Tikafika undipatse siketiyo ndiichepetse," anatero Mayi Eness. "Za pini zatikwana."

A Nachisale anaima pamphambano ya kumsika.

"Ine ndaona ndi maso anga, ndipo mtima wanga wakhala pansi. Koma wondituma ndi amalume ake. Iwo anapeza kale malo kusukulu ya kumudzi, ndipo aitana abale onse Loweruka kuti mwana akaonekere. Mawu anga okha sakakwana. Akanena kuti a m'tauni anditseka pakamwa ndi mandasi."

"Loweruka?" anafunsa Tiwale ndi mawu aang'ono. Tsiku la zoni linali lomwelo.

Mayi Eness anayang'ana mwanayo, n'kuyang'ana a Nachisale. Chilowere m'banjamo anali asanapondeko kumudzi kwa malemu, ndipo panalibe amene anawaitanapo.

"Mwana athamange Loweruka," anatero. "Ku Dedza ndipita ndine."

"Mukudziwa kuti kumeneko kuli anthu amene mpaka lero safuna kumva dzina lanu?"

"Ndikudziwa."

Tiwale anawagwira dzanja. "Amayi, mukayankha chiyani akakufunsani?"

Asanayankhe, foni inalira m'chikwama cha a Nachisale. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, nkhope n'kusintha.

"Ndi amalume ake," anatero. "Akufuna kumva ngati mwana walongeza."

Foni inapitiriza kulira. Mayi Eness anapukuta dzanja lawo pachitenje, n'kulitambasula.

"Ndipatseni ndiyankhule nawo."